Mizere Isanu Imene Inandilanda Mwana

Uthengawo unandipeza ndili m'munda wa mapira, ndikupirikitsa mbalame. Kuno ku Tengani mapira akayamba kukhwima munthu sukhala pansi. Mpheta zimabwera ngati zachita kuitanidwa, ukangotembenuka zakupululira ngala zonse. Ndinali nditakwera pachulu ndi chitini changa chogogoda, ndipo pachulu pomwepo mpamene foni yanga imagwira bwino netiweki. Inalira kangapo motsatizana. Ndinadziwiratu kuti ndi gulu lija.

Gululo ndi la ife amene tinamaliza limodzi maphunziro a zaulimi ku yunivesite. Ine ndimakhalamo ngati mlendo pamaliro a eni: ndimaona zonse, koma sindiyankhula. Amene analemba tsikulo ndi mayi wina yemwe tinagona naye chipinda chimodzi zaka zinayi, tsopano ndi bwana pa banki ina ku Blantyre. Anati papita zaka khumi ndi zisanu chimalizireni sukulu, ndiye tipange kabuku ka pafoni kokumbutsana. Aliyense alembe mizere isanu yokha: ali kuti, akugwira ntchito yanji, banja likuyenda bwanji. Atumizenso chithunzi.

Mizere isanu! Anthu anaidzaza dzuwa lisanapendeke. Uyu ndi manijala pa esiteti ya tiyi, ana atatu, wamkulu ali kusekondale yogonera konko. Uyo ali kunja, akumaliza digiri yachitatu, ndipo akudandaula za kuzizira. Za kuzizira, abale, akuuza ine amene ndinkawauka pachulu! Wina amene ankakopera ntchito zanga za m'kalasi, ndi zolakwa zomwe, analemba kuti ndi mlangizi wamkulu wa bungwe lina, pachithunzi atatsamira galimoto. Ndinawawerenga onse mmodzimmodzi, mbalame zikudya mapira anga. Sindibisa, ndinachita kaduka, kaduka kenikeni.

Nanga ine ndikanalemba chiyani? Nditamaliza sukulu ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi pa pulojekiti ya thonje kuchigwa konkuno. Pulojekitiyo itatha, eni ake anapakira, galimoto zinagulitsidwa, ife tinatsala ndi zipewa ndi masikipa. Kuchokera pamenepo ndalemba makalata ofunsira ntchito mpaka dzanja kuchita dzanzi. Mwamuna wanga anali mphunzitsi wa kusekondale, mwana wa mudzi uno, ndipo malipiro ake ndiwo ankatisunga. Anadwala sabata ziwiri zokha, tinamutaya. Anandisiyira mwana mmodzi, wamkazi, amene nthawi ya uthengawo anali mu Sitandade 7. Ndinatsala ndi iyeyo, munda wa mapira, timbuzi tingapo, ndi digiri mu sutikesi, yokutidwa m'jumbo kuopa chiswe.

Pali chinthu chimodzi chimene anzanga a m'tauniwo sakanachidziwa. Ine ndine Mmang'anja wa ku Kasisi. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Banja likatha, mkazi amanyamula ana ake n'kubwerera kwa alongo ake, palibe womufunsa. Koma ndinakwatiwa ndi Msena, ndipo anandilowola. Ng'ombe zinachoka ku Tengani kupita ku Kasisi, abale anga anazilandira ndi manja awiri, nthungululu kuti mbwee. Ng'ombe zikapita, mwana ndi wa kuchimuna. Tsiku limene akuchimuna anakhala pansi kulongosola za pambuyo pa maliro, amene anayankhula ndi alamu anga, akulu ake a malemu, omwe amakonza makina kumalo opangira magetsi ku Kapichira. Mawu awo anali omveka bwino.

"Alamu, ife sitikuthamangitsani," anatero. "Nyumba ndi yanu, munda ndi wanu. Mwanayu mukhala naye malinga muli pamudzi pano. Koma tsiku limene mudzafune kuchoka, kaya ndi banja lina kaya ndi ntchito, mudzapita nokha. Mwana ndi wa pano."

Ndinavomera pamaso pa onse. Ndikanatani? Misozi inali isanaume, ndipo ndinalibe kolowera. Ndiye musaganize kuti zimene ndinachita pambuyo pake ndinazichita mosadziwa. Ndinkadziwa bwinobwino, ineyo wa digirine.

Sabata ziwiri zinatha ndili duu, osalemba kanthu. Kenako mnzanga wa ku banki uja anaimba.

"Iwe, watsala wekha," anatero. "Anthu akufunsa. Paja ndiwe unkatikhoma tonse m'kalasi, akufuna adziwe kuti unafika pati."

"Ndilipo, ndikulima," ndinayankha.

Anaseka, poyesa kuti ndikucheza. "Famu yako ndi yaikulu bwanji? Lemba zimenezo, mnzanga. Usandichedwetsere kabuku."

Famu! Ndinayang'ana kamunda kanga, kamene ukaima pakati umatha kulavulira malovu kumalire. Mawu oti ndiwe unkatikhoma tonse anandikhala pamtima ngati munga. Zinali zoona, ndinkawakhomadi. Ndiye lero ndikalembe kuti ndimagogoda chitini pachulu?

Bodza langalo silinachokere patali. Miyezi ingapo m'mbuyomo anandiitana ku intavyu ku Lilongwe. Ndinagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndipeze ya thiransipoti, ndinabwereka jekete kwa namwino wina, ndipo pamudzi ndinanena kuti ndikupita ku Kasisi kukaona matenda. Intavyuyo inayenda bwino m'maso mwanga. Anati adzaimba. Sanaimbe, mpaka lero. Koma ndinali nditajambulitsa chithunzi panja pa ofesi yawo, jekete yobwereka ili thi, ndikumwetulira ngati munthu woti zake zatheka.

Tsiku lina masana, nditakhala pansi pa mtengo wa masawu, ndinalemba mizere isanu ija m'Chingerezi chosalala. Ndinati mwamuna wanga anatisiya, koma Mulungu ndi wabwino. Ndinati ndakhala ndikuthandiza alimi a kuchigwa. Ndipo pa mzere womaliza ndinati ndapeza ntchito ku Lilongwe, ine ndi mwana wanga tisamukira kumeneko chaka chisanathe. Ndinaphatikiza chithunzi chija n'kutumiza.

Eee, foni inatentha! Mafuno abwino anangoti wirr, ena akuti tinkadziwa kuti iwe sungathere kumudzi, ena akuti ukafika utiimbire tikakulandire. Wokopera uja analemba kuti ndinali mphunzitsi wake. Ndivomere, zinandikomera. Kwa masiku atatu ndinali munthu. Ndinkayenda kupita kumjigo mutu uli m'mwamba, ndowa kumanja, ngati ndikutsanzika mudzi. Mumtima ndinkati, ndani ku Tengani kuno angawerenge kabuku ka anthu a ku yunivesite? Apongozi anga sadziwa kuwerenga, ndipo foni yawo ndi ya mabatani.

Ndinaiwala kuti chinthu cha pafoni chilibe mpanda. Mmodzi wa amayi a m'kalasi mwathu anakwatiwa ndi injiniya, ndipo injiniyayo amagwira ntchito ku Kapichira. Munthu wabwinobwino, wopanda chifukwa ndi ine. Anaona dzina la malemu kumapeto kwa dzina langa, anakumana ndi alamu anga pa nthawi ya nkhomaliro, n'kuwagwira chanza. Akuti anati, "Zabwino zonse, akulu. Alamu anu apata ntchito ku Lilongwe, mwana wa malemu akakhala pabwino." Iye ankayesa kuti akupereka nkhani yokoma. Anawatumizira ndi kabuku komwe.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Alamu anatulukira Loweruka lina, mapira titakolola kale, sukulu zitatsekera. Sanaimbe foni. Anandipatsa moni bwinobwino, anamwa madzi, anamufunsa mwana za mayeso, kenako anapita kunyumba kwa mayi awo. Ndinaona amalume awo awiri akulowa pamudzi ndi njinga. Mwana anamutuma kwa azakhali ake kutsidya kwa msewu, ine anandiitana.

Tinakhala pansi pa mtengo wa nimu, amuna pamipando, ine ndi apongozi pamkeka. Alamu anatulutsa foni yawo. Anawerenga mizere yanga isanu, mzere umodzi m'Chingerezi, n'kuumasulira m'Chisena kuti mayi awo amve, kenako mzere wina. Sanathamange. Kalanga ine! Bodza lako likamamveka m'chilankhulo cha apongozi ako, limanunkha. Atafika pa mzere womaliza anaubwereza kawiri, n'kupereka foniyo kuti aliyense aone chithunzi cha jekete chija.

Apongozi anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Ndi mayi wachete, amene chimwalirire mwana wawo sanandiyankhulepo mawu oipa, ndipo akaphika thobwa ankayamba kutumiza kwanga.

"Mwananga," anatero, "tinakulakwira chiyani? Ukufuna kutibera mwana dzuwa likuswa mtengo?"

"Nkhabe, amayi," ndinayankha m'Chisena chawo, kukana. "Ayi ndithu. Sindikupita kulikonse."

"Nanga izi analemba ndani?" anafunsa alamu.

Apa mpamene ndinameza manyazi onse. Ndinaganiza kuti ndikangonena zoona, nkhani itha. Ndinati, "Ndinalemba ndine, koma ndi bodza. Ntchito kulibe. Palibe amene wandilemba ntchito ku Lilongwe kapena kwina kulikonse. Ndinanama."

Mmodzi wa amalume aja anatsokomola, n'kuyang'ana nkhuku.

"Munanamiza ife kapena munanamiza anzanuwo?" anatero alamu.

"Anzangawo."

"Chifukwa chiyani?"

"Manyazi," ndinatero, mutu uli pansi. "Onse ali pabwino. Ndinachita manyazi."

Apongozi anabweza foni ija pang'onopang'ono. "Manyazi a chiyani, mwananga? A ife? A nyumba imene mwana wanga anakumangira?"

Ndikanakonda akanandimenya mbama. Ndinayesa kufotokoza kuti si choncho, kuti ndi nkhani za kusukulu, kuti iwo sangamvetse. Mawu oti sangamvetse atangotuluka ndinadziwa kuti ndathira mchere pachilonda. Anapotoloza nkhope, ndipo tsiku limenelo sanandiyang'anenso.

"Ine ndakukhulupirirani, alamu," anatero alamu anga. Mtima wanga unatsika pang'ono. Koma anali asanamalize. "Chithunzichi munajambulitsa kuti? Nyumba iyi si ya ku Kasisi."

Ndinavomera za intavyu ija. Ndinavomeranso kuti matenda a ku Kasisi kunalibe.

"Akanakuimbirani kuti mwakhoza, mukanatani? Mwana mukanamusiya?"

Onse amene anali pamenepo ankadziwa, ndi ine ndemwe, kuti ndikanamunyamula mbandakucha, nkhani n'kudzakamba ndili kutali. Bodza langa linali ndi choonadi mkati mwake, ndipo alamu anachipeza.

Atatero anayankhula mofatsa, ngati akufotokoza za makina. Anati banja silingakhale maso tsiku ndi tsiku kudikira kuti mwana asowa liti. Anati komanso ndanena ndekha ndi pakamwa panga kuti ntchito ndilibe ndipo palibe ikubwera. Mwana akulowa Sitandade 8, kalasi ya mayeso. Sukulu ya kuno ili kutali, mvula ikagwa mtsinje umadzaza, ana amakhala sabata osaphunzira. Ku Kapichira sukulu ili pafupi ndi nyumba, magetsi alipo oti aziwerengera, ndipo akazi awo avomera kale. Sukulu zikamatsegulira, mwana apita nawo. Azibwera pa holide.

"Inu khalani," anamaliza. "Nyumba ndi yanu, monga tinanenera."

Ndinaimirira pamkeka, ulemu wonse n'kuutaya. "Ndinamubereka ndine! Munalipo inu ndikumva ululu? Ng'ombe zanuzo zinamuyamwitsa?"

"Palibe akukana kuti munamubereka," anatero alamu, osakweza mawu. Kufatsa kwawoko nkumene kunandipsetsa mtima koposa. Ndinatukwana, ndinalira, ndinatchula dzina la malemu. Amalume aja anangokwera njinga zawo n'kumapita.

Mawa lake ndinakwera pachulu kuimbira mlongo wanga ku Kasisi. Kwathu mlongo ndiye mwini mbumba, ndiye amene amaimirira ana a mlongo wake pa mlandu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anapumira m'mwamba.

"Achemwali, ng'ombe zija tinadya kalekale," anatero. "Tikalowe pamudzi pa eni ndi nkhope yanji? Komanso inu, zolembalembazo zinali za chiyani?"

Ndinadula foni. Asa! Pa ng'ombe analipo, pa mwana kulibe.

Musandiuze za khoti, ndinaliganizira. Ndinapita kusukulu, ndikudziwa kuti lamulo silimuwerengera mwana ng'ombe. Koma ndikanakaima kutsogolo kwa woweruza n'kunena chiyani? Kuti ndikukhala m'nyumba ya anthu amene ndikuwasumirawo, ndikulima munda wawo, ndipo ndinalemba ndekha kuti ndikuthawa ndi mwana? Alamu akanangotulutsa foni. Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri, chimene sindinauzepo munthu, n'chakuti pa nkhani ya sukuluyo sananame. Alamu anga si munthu woipa. Akanakhala woipa bwenzi zikupepuka.

Mkati mwa sabata zimenezo mnzanga wa ku banki anaimbanso. Ankafuna kudziwa tsiku limene ndifike ku Lilongwe, poti anzathu a kumeneko akonza zoti adzandilandire ndi chakudya. Anati mwana wa mmodzi wa iwo ndi msinkhu umodzi ndi wanga, azidzasewera limodzi. Ndinali nditakhala pakhonde, ndikusoka dzina la mwana wanga pa yunifolomu yatsopano imene alamu anatumiza. Pakamwa panga panatseguka kuti ndimuuze zonse. Chimene chinatuluka ndi chakuti, "Ndikuuza zikalongosoka." Taonani munthu! Madzi anali atatayika kale, ine ndikutetezabe chikho.

Amene anamuuza mwanayo kuti akupita ku Kapichira chifukwa cha sukulu ndi agogo ake. Ine sindinawonjezerepo kanthu, ndinalibe mphamvu. Mwanayo sanalire, sanafunse. Anangoyamba kugwira ntchito mopitirira muyeso: kusesa bwalo kawiri, kutunga madzi mitsuko yonse isanathe, kutsekera mbuzi ndisanamutume. Ndikamuyang'ana ankathawitsa maso. Ndinkayesa kuti wakwiya nane, ndipo ndinkati ali ndi chifukwa. Ndinamukazingira mtedza, ndinamusinjira ufa wa mapira woti azikaphikira phala, ngakhale ndinkadziwa kuti kumeneko amamwa tiyi ndi buledi.

Tsiku lonyamuka linafika. Alamu anabwera dzulo lake, ndipo m'mawa anatsogola pa kabaza ndi chikwama, kukadikira minibasi kumsewu wa tara. Ine ndi mwana tinayenda wapansi. Dzuwa linali litayamba kale kuluma. Anavala nsapato zake za kutchalitchi, zimene zinkamuthina, ndipo ankayenda mopotokapotoka. Tinadutsa mjigo, tinadutsa chigayo. Titayandikira msewu, alamu akuoneka poteropo, anandigwira chitenje.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "musadandaule. Ine ndikudziwa."

"Ukudziwa chiyani?"

"Za ku Lilongwe. Ana a azakhali anandiuza, anaona pa foni ya bambo aakulu. Mwapeza ntchito." Anandiyang'ana koyamba m'masabata atatu, maso akuwala. "Ine ndikakhala bwinobwino, sindikavuta. Inu mukapeze kaye nyumba. Ndikangolemba mayeso mudzanditenge. Mudzabwera, eti?"

Mayo ine! Ndiye kusesa konse kuja, kutunga madzi konse kuja, mwana ankandithandiza kukonzekera ulendo. Anali atazilongosola yekha m'mutu mwake, zonse zili m'malo mwake: mayi akupita kukagwira ntchito, iye akudikira pang'ono kwa bambo aakulu, kenako tidzakhala limodzi mumzinda. N'chifukwa chake sanalire.

Kunena kuti eya kunali kosavuta. Liwu limodzi lokha, akanakwera minibasi akumwetulira. Linafika pa lilime, ndinalimva. Koma ndinali nditanamiza anzanga, nditanamiza apongozi, ndipo ndinaona kuti ndikamunamizanso uyu, ndiye kuti palibe amene watsala. Ndinagwada pafumbi pomwepo kuti nkhope zathu zifanane.

"Mwananga, ku Lilongwe kulibe ntchito. Ndinanama. Ndinkafuna anzanga a kusukulu aziti ndili pabwino. Sindikupita kulikonse, ndikhala konkuno."

Anandiyang'ana ngati sakumva Chichewa. "Simukupita?"

"Sindikupita."

"Mukhala kunyumba?"

"Eya."

Anatembenuka kuyang'ana njira imene tinadzera, kenako anayang'ana alamu, kenako ine.

"Ndiye ine ndikupitiranji?"

Minibasi inali itaima, kondakitala akumenya chitseko kuti tifulumire. Alamu anabwera, anamugwira dzanja mwaulemu, n'kunena kuti, "Tiye, mwanawe, tichedwa." Sanalimbane nawo. Anakwera, anakhala pakati pa amayi awiri onyamula madengu a nsomba, ndipo sanasuzumire pawindo. Ine ndinali chigwadire pafumbi paja, anthu a kabaza akundiyang'ana.

Mwanayo amandiimbira Lamlungu lililonse pa foni ya alamu. Amandiuza za masamu, za aphunzitsi, za phokoso la madzi a pamathithi a Kapichira. Amayankha mwaulemu ngati akuyankhula ndi mayi wa mnzake. Funso lake lija sanalibwerezenso, inenso sindinaliyankhe, ndipo sukulu akutsekera sabata yamawa.